Khitchini ya makabati kuno kuchigwa: pansi njerwa, matabwa m'mwamba

Madzi a namondwe Ana atalowa m'nyumba mwathu ku Nchalo mu Januwale 2022, sanakwere kwenikweni. Analekeza m'akakolo, ndipo mawa lake anali ataphwa. Mphasa tinachapa, mipando tinayanika padzuwa, basi. Chimene sichinachire ndi makabati a m'khitchini amene ndinali nditangowakhomeretsa chaka chathacho, oyera mbee, ofanana ndendende ndi chithunzi chimene ndinaona pa Facebook. Anamwa madzi kuyambira pansi n'kufufuma ngati buledi wonyikidwa mu tiyi. Zitseko zinayamba kukana kutsekeka, masikuluwu akungosololoka okha, ndipo mwezi usanathe chiswe chinabwera kudzamaliza ntchito. Kalipentala sindimuimba mlandu, anapanga zimene ndinamuuza. Wolakwa ndinali ine, amene ndinanyamula khitchini ya ku Namiwawa n'kudzaibzala m'chigwa cha Shire.

Yachiwiri ndinaimanga pang'onopang'ono, ndipo inadya ndalama zochepa kuposa yoyamba ija. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndinatsata.

Musanagwire tepi, onani mmene mumaphikira

Tengani sabata imodzi mukungoyang'ana. Nsima imaphikidwa pati? Amaphika ndani? Mbale zimatsukidwira kuti? M'nyumba zambiri kuno, ngakhale za anthu apantchito, nyemba, nsima ya anthu ambiri ndi nsomba zowamba zimaphikidwa panja, pambaula kapena pamafuwa. M'nyumba mumangowiritsidwa tiyi, kukazinga mazira ndi kutenthetsa ndiwo. Sizochititsa manyazi. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapyola madigiri 40, ndani angaime pamoto masana m'chipinda chofolera malata? Ndiye vomerezani kuti muli ndi makhitchini awiri, ndipo ya m'nyumbayo isakule kuposa ntchito yake. Mbaula ya makala ikhale pakhonde. M'chipinda chotseka mpweya wake umapha munthu asanazindikire, komanso moto wake umasupula makabati.

Kenako lembani katundu yense amene akufuna malo, osati mbale ndi makapu okha. Ndowa ya ufa, thumba la mpunga kapena mapira, zidebe za madzi za malita 20, mapoto akuluakulu aja otuluka pamaliro ndi paukwati, lichero, sefa, mthiko ndi chipande. Makabati a m'zithunzi sanapangidwire ndowa ya ufa. Mukapanda kuiganizira tsopano, idzakhala pakati panjira zaka zonse, aliyense akuipunthwa.

Kuyeza

Tepi ya mamita 5, pensulo ndi kope la masamu lija la timabokosi zakwana. Yezani khoma lililonse katatu: pansi, pakati ndi m'mwamba. Makoma athu ambiri si owongoka, ndipo nambala yogwiritsa ntchito ndi yaing'ono mwa zitatuzo. Lembani pamene pali zenera, chitseko ndi mbali imene chimatsegukira, paipi ya madzi ndi masoketi. Pojambula, kabokosi kamodzi kaimire masentimita 10.

Pali zinthu ziwiri zimene munthu wa ku Blantyre sangakuuzeni kuti muyeze. Choyamba ndi mzere wa madzi. Ngati nyumbayo inalowapo madzi, kaya mu 2015, mu 2019, nthawi ya Ana kapena ya Freddy mu Malichi 2023, chizindikiro chimakhalapo pakhoma, ngakhale atapaka penti. Ngati ndi nyumba imene mwangogula, funsani anansi okhalitsa, adzakulozerani ndi dzanja pamene analekeza. Thabwa lililonse, soketi iliyonse, zikhale pamwamba pa mzerewo. Chachiwiri ndi ming'alu. Madera ambiri kuno, makamaka cha ku Ngabu, ndi a dothi la makande, lija limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe. Ngati pansi pa khitchini pali mng'alu umene umakula n'kuchepa malinga ndi nyengo, konzani umenewo kaye. Matailosi oikidwa pamwamba pake adzasweka chaka chomwecho.

Kuika zinthu m'malo mwake papepala

Zinthu zitatu zimalamulira zonse: pophikira, sinki ndi firiji. Sinki ikhale pansi pa zenera, pakhoma loyang'ana kunja, kuti paipi yotulutsa madzi ikhale yaifupi. Paipi yaifupi ndi yotsika mtengo ndipo sitsekeka kawirikawiri. Pakati pa sinki ndi pophikira siyani malo osachepera masentimita 60, chifukwa apa ndi pamene mudzaduladula tomato ndi kupala nsomba. Firiji isayandikane ndi moto, ndipo isatsamire khoma lakumadzulo limene limapsa ndi dzuwa lamadzulo. Kumbuyo kwake kukhale mpata wa masentimita 10 kuti izipuma. Firiji yotsekeredwa m'kabati kuno imangolira usana ndi usiku, mayunitsi akutha.

Kwa munthu wa ndalama zochepa, mzere umodzi wotsata khoma kapena wokhota kamodzi ngati chilembo cha L ndi wokwanira. Kona iliyonse yowonjezera ndi ndalama, ndipo m'kona ndi mmene mumabisala mphemvu. Tebulo la pakati lija mumaliona m'zithunzi liiwaleni, pokhapokha ngati mbali zonse patsala njira ya mita imodzi.

Miyeso yozolowereka ndi iyi: pogwirira ntchito pakhale masentimita 90 kuchokera pansi, ndipo kuchokera kukhoma kubwera kwa inu masentimita 60. Makabati a m'mwamba atuluke masentimita 30 mpaka 35 kuchokera kukhoma, ndipo ayambire masentimita 55 kapena 60 pamwamba pa pogwirira ntchito. Koma 90 si lamulo. Imitsani amene amaphika tsiku ndi tsiku, apinde mkono, muyeze kuchokera pansi kufika pachigongono, muchotsepo masentimita 10 mpaka 15. Kwathu tinapeza 85.

Apa pali chinthu chimene amisiri ambiri sachiganizira. Ngati mumaphikira kachitofu ka gasi kapena hotipuleti yokhazika pamwamba, kachitofuko kamawonjezera msinkhu, poto n'kuwonjezeranso. Munthu wovundula nsima amafuna kukanikiza mthiko ndi mphamvu ya phewa, osati kukweza mikono ngati akuyanika zovala. Chigawo cha pophikiracho chitsitseni chikhale masentimita 70 kapena 75. Mayi a kunyumba kwathu amati pa zonse zimene tinachita, chimenechi ndiye chinali chanzeru.

Mukamaliza kujambula, tengani choko kapena khala mujambule zomwezo pansi m'khitchinimo. Yendaniyendani mmenemo masiku awiri, mutsegule chitseko, muyerekeze kunyamula poto wotentha. Kufufuta choko n'kwaulere.

Madzi ndi magetsi, simenti isanafike

Mapaipi ndi mawaya zilowe tsopano, osati makabati atakhomedwa. Zitsime ndi mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi amchere, ndipo mchere umadya mapaipi achitsulo. Gwiritsani ntchito apulasitiki. Sinki ikhale yachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo poigula igogodeni ndi chala: yolira ngati chitini chopanda kanthu ndi yopyapyala, isiyeni. Mpopi musagule wotchipitsitsa, chifukwa ndi chinthu chimene chimagwiridwa kambirimbiri patsiku. Pansi pa sinki pakhale kapaipi kokhota kaja kosunga madzi pang'ono, kamene kamatsekereza fungo ndi mphemvu zochokera kunja. Madzi otayawo apite kudzenje la miyala kutali ndi nyumba, mamita angapo. Pamakande, madzi otayikira m'mphepete mwa khoma tsiku ndi tsiku amasuntha maziko.

Ngakhale muli ndi mpopi wa Southern Region Water Board, siyani malo a zidebe ziwiri pansi, pafupi ndi sinki. Tonse tikudziwa kuti mpopi umauma. Ngati madzi a m'mipope sanafike kwanu, ikanibe sinki ndi paipi yotulutsa madzi, muziitsukira ndi madzi a m'chidebe.

Za magetsi itanani munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, osati mphwanu amene anaonerera ena akulumikiza. Masoketi onse akhale m'mwamba, masentimita 15 kapena 20 pamwamba pa pogwirira ntchito, kuphatikizapo ya firiji imene anthu amakonda kuiika pansi. Asayandikire sinki kapena moto. Chitofu chachikulu chamagetsi chimafuna waya wakewake wonenepa wochokera kubokosi lalikulu, ndi switchi yake. Ndipo musamange khitchini yodalira magetsi okha. Madzi a Ana omwewo anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, pafupi nafe pompano, dziko lonse n'kukhala mumdima wosinthanasinthana kupitirira chaka. Siyani malo a silinda ya gasi ngakhale simunaigule.

Pansi: njerwa ndi konkire

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo apa ndi pamene mumapulumutsa ndalama zambiri. M'malo mokhoma mabokosi amatabwa okhala pansi, mangani mafupa a khitchini ndi njerwa kapena mabuloko, pamwamba n'kuthira silabu ya konkire. Madzi akalowa mumangokolopa. Chiswe chilibe chodya. Poto wotentha mumamukhazika osaopa.

Yambani ndi kachitunda ka konkire ka masentimita 10 mpaka 15 kutsata mzere wonse wa makabati, kolowa mkati pang'ono kuti zala za kumapazi zizipeza malo mukaimirira. Musanathire, pansipo ndi m'mphepete mwa khoma pathiridwe mankhwala a chiswe. Ngati kwanu madzi amakwera kwambiri, kwezani kachitundako, ndipo firiji nayo muipangire kake.

Pamwamba pa kachitundako mangani timakoma ta njerwa imodzi, totuluka kuchokera kukhoma lalikulu, totalikirana masentimita 80 mpaka mita imodzi. Mipata imeneyi ndiyo makabati anu. Musanauze womanga kutalikirana kwake, bweretsani ndowa ya ufa, chidebe ndi silinda ya gasi, muziike pamalo pake aone ndi maso. Ngati muli ndi chitofu choimirira chokha, siyani mpata wake ndi kampata kena ka masentimita angapo mbali zonse.

Silabu ikhale yokhuthala masentimita 7 kapena 8, yokhala ndi zitsulo za Y10 (zonenepa mamilimita 10) zolukidwa motalikirana masentimita 15. Muyeso wa konkire: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zitatu za miyala ya kwale yaing'onoing'ono. Bowo la sinki lisiyidwe pothira pomwepo, choncho sinki igulidwe tsiku lothira lisanafike. Kuboola konkire youma ndi tchizulo kumaing'amba.

Mchenga wa m'mitsinje yathu nthawi zambiri umabwera ndi matope. Uyeseni: thirani mchenga m'botolo mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse. Matope amakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere. Kamzereko kakakhala kokhuthala, tsukani mchengawo kapena funani wina. Madzi osakanizira asakhale amchere, chifukwa mchere umadyetsa dzimbiri zitsulo za mkati, silabu n'kudzayamba kusweka patapita zaka. Kuli bwino kulipira wa njinga akutungireni madzi abwino zidebe zingapo.

Ndipo thirirani. Kuno konkire imauma isanakhwime. Ifunditseni masaka onyowa, muziithirira m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku osachepera 7. Matabwa ochirikiza pansi asachotsedwe masabata awiri asanakwane, ngakhale womanga akuwafuna kuntchito ina. Adzakuuzani kuti "yauma kale, bwana". Kuuma ndi kukhwima n'zosiyana.

Pamwamba pa silabu pali njira zitatu. Yotchipa kwambiri ndi kusalaza ndi simenti yosakaniza ndi okusaidi wofiira kapena wakuda, monga timachitira pansi m'nyumba. Yapakati ndi matailosi akuluakulu, a masentimita 60 mbali zonse, amene amakwana ndendende ndipo mizere yolowa dothi imakhala yochepa. Mwala wa granite ndi wokongola, koma mtengo wake ndi kuunyamula kwake kutsika nawo phiri la Chikwawa si za munthu amene akuwerenga makwacha. Ine ndinasankha matailosi. Khoma la kumbuyo kwa sinki ndi pophikira liikeni mizere iwiri ya matailosi, kwinako penti ya mafuta yakwana. Mkati mwa makabati mupake pulasitala wosalala ndi penti yoyera, osasiya ming'alu.

Mukafika apa, khitchini yayamba kale kugwira ntchito. Ndalama zikathera pomwepa, mangani waya kutsogolo, mupachike nsalu. Ife tinakhala ndi makatani a chitenje miyezi isanu ndi itatu, ndipo nsima sinasinthe kukoma.

Zitseko ndi makabati a m'mwamba

Matabwa a utuchi wopanikiza okutidwa ndi melamine, komanso ena opanikiza otchedwa MDF, ndi amene amaoneka bwino m'zithunzi. Amadana ndi madzi. Ngati mtima wanu uli pamenepo, agwiritseni ntchito m'mwamba mokha, kutali ndi sinki, ndipo m'mbali monse modulidwa mumatidwe bwinobwino. Pa zitseko za pansi, plywood ndi yolimba kwambiri. Imabwera m'mapepala a masentimita 244 ndi 122, choncho uzani kalipentala ajambule papepala mmene adulire kuti muone zitseko zingati zituluka m'pepala limodzi. Nthawi zina kuchepetsa chitseko ndi masentimita awiri okha kumakupulumutsani kugula pepala lina lathunthu.

Mafelemu ogwira zitseko angakhale a paini kapena bulugamu wopakidwa Solignum, mankhwala oteteza matabwa ku chiswe, mbali zonse asanakhomedwe, makamaka mbali yogunda khoma imene simudzaionanso. Njira ina imene ndimaikonda ndi felemu yachitsulo yopangidwa ndi owotcherera a pa Nchalo kapena pa Dyeratu, yopakidwa penti yoletsa dzimbiri. Chiswe chimangoiyang'ana. Wina akabwera usiku ndi matabwa a tsanya kapena mlombwa otchipa modabwitsa, opanda chikalata cha a zankhalango, dziwani kuti mwina achokera kunkhalango zotetezedwa za Lengwe kapena Mwabvi, ndipo mlandu wake udzakupezani inu amene mwawasunga.

Matabwa aawisi ndi mdani wina. Thabwa lochekedwa posachedwa likakumana ndi kutentha kwa kuno limapindika ngati uta, chitseko n'kusiya mpata wolowa khoswe. Gulani msanga, muwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa, akhale mwezi kapena kuposerapo.

Makabati a m'mwamba musadzaze nawo khoma lonse. Awiri otseka akwana, kwinako mashelefu oonekera a zinthu zogwiritsa ntchito tsiku lililonse. Kabati yosungira zakudya zitseko zake zikhale ndi waya wa udzudzu m'malo mwa thabwa, monga makabati a agogo athu aja, kuti mphepo izilowa koma ntchentche ayi. Pamwamba penipeni pa moto pasakhale kabati. Madirowa ndi okwera mtengo ndipo ndi amene amayamba kuwonongeka. Imodzi ya masipuni ndi mipeni yakwana. Ndalama imene mwapulumutsa apo muiike pa mahinjesi abwino.

Mpata wa silinda ya gasi usatsekedwe ndi chitseko chathabwa lokhalokha. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amadzikundikira pansi, choncho pakhale mabowo m'munsi kapena njerwa ya mabowo yotulukira kunja. Silinda iziima chilili, kutali ndi soketi. Polumikizira paipi pakani thovu la sopo: likamatukusira, pakutuluka gasi.

Za kutentha, ngati mungathe kuboola zenera lachiwiri moyang'anizana ndi loyamba, chitani zimenezo musanagule chokongoletsa chilichonse. Njerwa za mabowo m'mwamba pafupi ndi denga zimatulutsa mpweya wotentha, ndipo siling'i imatchinga moto wa malata. Zonse zikhale ndi waya wa udzudzu.

Ndalama ndi amisiri

Mitengo sindilemba pano, chifukwa ingakhale yabodza mwezi usanathe. Amene anali pakati pomanga mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mtengo wa simenti unasinthira ali m'njira yopita kusitolo. Chimene mungachite ndi kugawa ntchito m'zigawo zoti chilichonse chithe pachokha: mapaipi ndi mawaya, kenako njerwa ndi silabu ndi sinki, kenako matailosi, kenako zitseko, pomaliza makabati a m'mwamba. Chigawo chilichonse chidikire ndalama yake, kaya ndi ya thonje, ya chitowe, ya mbuzi zimene mwagulitsa ku Ngabu, ya chipereganyu kapena yogawana kubanki mkhonde kumapeto a chaka. Katapila wa khitchini ayi. Pa ndalama zimene mwawerengera chigawo chilichonse, onjezani gawo limodzi mwa magawo 10 la zodzidzimutsa.

Ndalama ikapezeka, isandutseni katundu amene saola: sinki, mpopi, zitsulo, matailosi, mahinjesi. Matailosi gulani onse nthawi imodzi ndi bokosi limodzi lapadera, chifukwa mukadzabwerera mtundu womwewo simudzaupeza. Simenti yokha musaisunge. Igulidwe sabata yogwira ntchito, ndipo matumba asagone pansi.

Musanakwere basi ya ku Blantyre, yendani kaye m'masitolo a zomangira a pa Nchalo, pa Ngabu, ku Bangula kapena pa boma. Simenti, zitsulo ndi mapaipi nthawi zambiri zimapezeka konkuno, ndipo mukawerengera thiransipoti kusiyana kwake kumatha. Ku Limbe kapena ku Ginnery Corner pitani kamodzi kokha, ndi mndandanda wathunthu, kukatenga zimene kuno kulibe. Matailosi apakiridwe choimika, osati chogoneka, apo ayi makhotakhota otsikira ku Thabwa adzakuswerani theka. Nthawi yabwino yomanga ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kunja kukuzizirirako, misewu ili youma.

Funsani amisiri atatu, ndipo aliyense alembe mtengo wa ntchito ya manja payokha, zipangizo pazokha. Zipangizo mukagule nokha kapena mupite naye. Musakhutire ndi zithunzi za mufoni yake, chifukwa zambiri n'zotola pa intaneti. Akutengereni kunyumba imene anagwirako ntchito zaka ziwiri zapitazo, mukatsegule zitseko ndi manja anu. Mgwirizano ulembedwe m'kope, pakhale mboni, ndipo malipiro agawidwe patatu: poyamba, pakati, ndi pomaliza. Polipira pa Airtel Money kapena Mpamba musafufute mauthenga ake. Kalipentala wina amene ndinamupatsa ndalama zonse tsiku loyamba anakhoma zitseko zitatu n'kupita kumaliro a kwawo ku East Bank, ndipo maliro amenewo anatha miyezi iwiri.

Gawo lomaliza la ndalama likhale m'thumba mwanu mpaka mutayesa zonse iye ali pomwepo. Tsegulani ndi kutseka chitseko chilichonse kangapo, muone ngati chikukhula chinzake. Kokani dirowa mpaka kumapeto. Thirani kapu ya madzi pasilabu muone kumene akulowera: asathamangire kukhoma kapena kukhazikika pakati. Tsekani sinki, muidzaze mpaka pakamwa, yalani nyuzipepala youma pansi pake, kenako tsegulani madzi onse atuluke nthawi imodzi. Nyuzipepala ikanyowa ngakhale kadontho kamodzi, mmisiri akonze kaye. Pomaliza zimitsani nyali, muunike ndi tochi mkati mwa kabati iliyonse, makamaka pamene paipi yaboola khoma. Bowo lililonse lolowa chala litsekedwe ndi simenti tsiku lomwelo, ndowa ya ufa isanalowe.